Kudzutsa chiphapha pa Kandeu

Chimakhala chakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zingapo. Matayala adaphwa, kenaka adachotsedwa, n'kuchikhazika pa njerwa. Nkhuku zidapezamo poikira mazira, ana adasandutsa chiwongolero chake choseweretsa, ndipo dzuwa likawala mayi a pakhomopo amayanika mphale kumbuyo kwake. Aliyense wodutsa amadziwa kuti chatsala n'kudikira anyamata ogula zitsulo zakutha, aja amayenda ndi sikelo m'midzi.

Koma Loweruka lina m'mawa anthu opita kumsika amangoona miyendo iwiri yatulukira pansi pa chiphaphacho. Pambali payalidwa thumba la feteleza, pathumbapo pali masipanala, botolo la palafini ndi chitini cha mabawuti. Bambo a pakhomopo aganiza zodzutsa pikapu yawo.

Zoterezi si zachilendo pa Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, ngakhalenso pa Kasinje, pa Lizulu kapena pa Tsangano. Mwini chiphapha nthawi zambiri sakhala makaniko wa pepala ayi. Amakhala mphunzitsi, mwini golosale, mlimi wa fodya, kapena mkulu yemwe adakagwirako ntchito ku Joni n'kubwera ndi galimotoyo akadali ndi mphamvu. M'kati mwa sabata ali pa ntchito yake. Loweruka, anzake akamapita ku bawo kapena kukaonera mpira, iye amavala ovolosi yakale n'kulowa pansi pa galimoto. Palibe amene wamutuma, ndipo palibe amene amulipire.

Kumaiko a azungu anthu otere ali ndi makalabu ndi magazini awo, ndipo galimoto akaimaliza amangoyenda nayo pa zionetsero. Kuno n'kosiyana. Pikapu ikadzuka pa Kandeu, mawa lake lomwe imapezeka itanyamula matumba a chimanga, mkuja wake mayi wodwala, ndipo pakagwa zovuta m'mudzi ndiyo imakatenga bokosi. Choncho zomwe bambo uja akuchita pansi pa mango, ngakhale iye akuzitenga ngati zomusangalatsa, zidzakhudza miyoyo ya anthu ambiri amene lero akungomudutsa n'kumamuseka.

Magalimoto okana kufa

Ziphapha zomwe anthu amalimbana nazo ndi za mitundu yodziwika. Woyamba ndi kagalimoto kaja ena amakatchula Datsun, ena Nissan 1400. Kadayamba kupangidwa m'chaka cha 1971 ndi dzina la Datsun 1200, ndipo ku South Africa, pa fakitale ya ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, adapitiriza kukapanga mpaka 2008. M'zaka 37 zonsezo maonekedwe ake sadasinthe kwenikweni. Anthu a kumeneko adakapatsa dzina la Kanniedood, lomwe m'chilankhulo cha Afrikaans limatanthauza chinthu chosatheka kufa. Galimoto yomwe idalowa m'malo mwake, Nissan NP200, nayo idasiya kupangidwa mu 2024, koma kagalimoto kakaleko kakadaoneka m'misewu.

Wachiwiri ndi Toyota Hilux, yomwe idayamba mu 1968 ndipo zambiri zomwe zidafika kuno zidapangidwa ku Durban kapena ku Japan. Mbiri ya kulimba kwake idafika patali. Mu 2003 pologalamu ya pa kanema ya ku Britain yotchedwa Top Gear idatenga Hilux yakale ya dizilo n'kuimiza m'nyanja, kuiyatsa moto, kenaka kuiika pamwamba pa nyumba yosanja yomwe ankaigwetsa ndi mabomba. Ataifukula pa zigumukirezo, makaniko adaigwiragwira ndi zipangizo wamba, ndipo idalira. Ku Chad, nkhondo ya mu 1987 yolimbana ndi Libya mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Toyota kaamba ka mapikapu omwe asilikali ankayendera m'chipululu.

Akuluakulu amakumbukanso Peugeot 404, yomwe idapambana mpikisano wa East African Safari kanayi m'zaka za m'ma 1960, ndipo ku Kenya adapitiriza kuipanga mpaka 1991. Iyi ndiye yasowa tsopano, ndipo wofuna kuidzutsa ayambe wapeza inzake yoti azichotsako zitsulo. Palinso Isuzu KB ndi Mazda za mtundu wa B, zomwe zidasenza fodya wambiri m'dziko muno.

N'chifukwa chiyani munthu angalimbane ndi galimoto ya zaka 30 kapena 40 pomwe misewu yadzaza ndi magalimoto ochokera ku Japan monga Probox ndi Sienta? Yankho lili pansi pa boneti. Mukatsekula boneti ya Nissan 1400 mumaona injini yonse, mpaka pansi pomwe pagona galu. Chilichonse chimafikirika ndi dzanja. Mafuta amadutsa m'kabuleta, moto umachokera m'koyilo kupita ku mapulagi, basi. Munthu wa khutu labwino amatha kudziwa vuto pongomva kulira kwake. Galimoto zamakono zili ndi kompyuta m'kati, ndipo kanyali kakangoyaka pa dashibodi pamafunika makina oyezera omwe pa Kandeu simungawapeze pansi pa mtengo.

Chifukwa china ndi misewu. Boma la Ntcheu ndi la zitunda ndi zitsetse, kuyambira kumapiri a kumalire ndi Mozambique kutsikira kuchigwa cha Bwanje. Mukachoka pa misewu ikuluikulu ya M1 ndi M5 n'kulowa m'midzi, mumakumana ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Galimoto yotsika mimba imasiya ekizozi pamwala woyamba. Njinga zamoto za kabaza zidalanda ambiri mwa anthu omwe kale ankakwera matola, koma njinga siinganyamule matumba khumi a mtedza, malata a nyumba kapena bokosi la maliro.

Ndiye pali chifukwa chomwe eni ake sakonda kuchitchula. Galimoto zambiri zotere zili ndi mbiri ya banja. Iyi ndiyo adasiya malemu bambo, iyi ndiyo idadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete itasenza katundu wa zaka zambiri za thukuta la ku Joni. Kuigulitsa pa sikelo ngati mpoto wobooka kumawawa.

Poyambira ndi pansi

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Munthu akangoganiza zodzutsa pikapu, m'maganizo mwake mumabwera penti yowala, wailesi ya mabufa, mipando yokutira bwino ndi mawu olembedwa kumbuyo. Zimenezi ndizo anthu amaona, ndipo ndizo zimabweretsa ulemu pa sitolo. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti ndi ntchito yomalizira.

Choyamba kuona ndi chesisi, zitsulo ziwiri zazitali zomwe zimasenza galimoto yonse. Galimoto yomwe yakhala pa udzu nyengo zingapo za mvula imadyeka ndi dzimbiri kuchokera pansi, makamaka pomwe masipuling'i a kumbuyo amagwira. Odziwa amatenga hamala yaing'ono n'kumagogoda chitsulocho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pomwe pali bwino pamalira ngati belu, pomwe padyeka pamangoti phu, mwinanso hamala kulowa. Feteleza ndi mchere zomwe zidatayikira kumbuyo zaka zapitazo zimafulumizitsa kudyekako. Kwa kagalimoto ngati Nissan 1400 nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa thupi lake lomwelo ndilo limagwira ntchito ya chesisi. Pansi pakabooka, mphamvu ya galimoto yonse yachepa. Wowotcherera wa pa msika atha kuika chigamba, koma ngati dzimbiri lafalikira ponseponse, ndi bwino kuvomereza msanga kuti galimotoyo yasanduka nkhokwe ya masipeya, ndalama zisanalowe.

Chachiwiri ndi mabuleki, ndipo apa palibe kunyengerera. Mafuta a mabuleki ali ndi khalidwe loyamwa chinyezi. Galimoto ikakhala zaka osayenda, mafutawo amakhala atasakanikirana ndi madzi, timapaipi tachitsulo tachita dzimbiri m'kati, ndipo timalabala ta m'masilinda tauma. Pabwalo la nyumba buleki yotere imagwira bwinobwino, mwini wake n'kukhutira. Tsoka limadikira pa chitsetse chachitali. Mabuleki akatentha, madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo phazi likaponda limangofika pansi popanda chogwira. N'chifukwa chake mafuta onse akale amayenera kutayidwa, mapaipi a labala kusinthidwa, ndi timalabala tonse kuikamo tatsopano. Mchitidwe womwe umamveka m'madera ena wothira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki ndi kusewera ndi maliro a anthu ena.

Pa zitsetse pomwepo palinso chizolowezi china chomwe chimakula mafuta akamasowa kapena kukwera mtengo: kuchotsa giya kapena kuzimitsa injini kuti galimoto itsike yokha. Dalaivala amaona ngati wapulumutsa kapu ya petulo. Chomwe wataya ndi chachikulu. Injini ikakhala m'giya imathandiza kugwira galimoto, ndipo pa magalimoto ambiri ndi injini yomweyo yomwe imapatsa mphamvu chipangizo chofewetsa buleki. Ikazima, mukaponda kawiri katatu buleki imauma gwa ngati mwala.

Chachitatu ndi matayala. Ambiri amagula a kaunjika poona kuti mano akadalipo. Koma labala imakalamba ngakhale isakuyenda. M'mbali mwa tayala lililonse lopangidwa kuyambira chaka cha 2000 muli manambala anayi osonyeza tsiku lobadwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2314, ndiye kuti tayalalo lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Tayala lokalamba chotero, lokhala ndi timing'alu m'mbali, limaphulika likasenza katundu pa phula lotentha la ku Bwanje mu Okutobala.

Ndiye pali "kukweza" komwe pafupifupi mwini pikapu aliyense amakuganizira: kuwonjezera masamba a masipuling'i. Nissan 1400 idapangidwa kuti izinyamula katundu wa pafupifupi theka la tani, Hilux pafupifupi tani imodzi. Mukawonjezera masamba awiri mbali iliyonse, galimoto imasiya kukhala pansi ikasenza, ndipo maso amakuuzani kuti tsopano yasanduka lole. Maso akunama. Mabuleki ndi omwe aja, mabering'i a ekiselo ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja. Kale galimotoyo inkadandaula poonekera ikalemedwa. Tsopano yatsekedwa pakamwa, ndipo idzayankhula tsiku lomwe ekiselo idzathyoke. Kusintha masamba otopa n'kuika abwino ndi nzeru. Kuwonjezera kuti munyamule matumba 30 pomwe pamayenera khumi ndi nkhani ina.

Mtima wa galimoto

Zapansi zikatha ndiye munthu afike pa injini, gawo lomwe eni ake amalikonda kuposa onse. Injini yomwe yagona zaka siilizidwa mwaphuma. Amayamba achotsa mapulagi, kudonthezera oyilo pang'ono m'mabowomo, kuisiya igone, kenaka kuizunguza ndi sipanala pamanja kuti aone ngati mapisitoni sadagwirane ndi dzimbiri. Oyilo wakale amatayidwa, thanki imatsitsidwa n'kutsukidwa, poti petulo wokhalitsa amasanduka utomoni womwe umatseka timabowo ta kabuleta.

Pali zinthu ziwiri za mafuta a masiku ano zomwe mwini galimoto yakale ayenera kudziwa. Choyamba, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Izi zidayamba mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa idatsekulidwa, ndipo mu 2004 kudabweranso ina ku Chikwawa. Ethanol amayaka bwino, koma amafewetsa ndi kung'ambula mapaipi ena akale a labala, komanso amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda. Paipi ya petulo yong'aluka pamwamba pa injini yotentha ndi moto wodikira. Kusintha mapaipi onse a mafuta ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo mtengo wake sufika pa wa chitini cha penti. Chachiwiri, petulo wokhala ndi mtovu adathetsedwa m'maiko a kuno kumwera kwa Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006 kaamba koti mtovuwo umaononga ubongo wa ana. Injini zina zakale kwambiri zinkadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavavu, choncho amene watsitsa mutu wa injini yotere afunse kwa okonza mitu ngati pakufunika kuikapo zokhalira zolimba.

Matenda aakulu a injini zakale kuno ndi kutentha. Redieta imadzazidwa ndi madzi a pa mjigo chaka ndi chaka, mchere wa m'madzimo n'kumaunjikana mpaka timipata kutsekeka. Galimoto ikayamba kuwira, mankhwala omwe amabwera msanga ndi kuchotsa themositati n'kuitaya kutchire. Kuwirako kumaoneka ngati kwachepa, koma gwero lake likadalipo, ndipo injini tsopano imachedwa kufunda m'mawa wa Juni, zomwe zimadya mafuta ndi maring'i. Mapeto ake gasiketi imapsa, mutu kupindika, ndipo ulendo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukaupala umakhala wosapeweka. Kutsukitsa redieta kukadatchipa.

Eni Hilux za dizilo, zija za injini ya 2L ndi 3L, ali ndi chawo choti asaiwale: lamba wa taiming'i, yemwe amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Pa galimoto yomwe mita yake idafa kalekale palibe amene amadziwa kuti lambayo wayenda mtunda wotani. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo ndalama yake imaposa ya lamba kambirimbiri. Nawonso dizilo wa m'zigubu, yemwe amachuluka m'mbali mwa msewu mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, amabwera ndi fumbi ndi madzi zomwe zimapha pampu. Sefa yatsopano ndi mlonda wotchipa.

Sikuti kukweza konse n'koipa. Kuchotsa mapointi n'kuika kachipangizo kamagetsi kogawa moto kumachepetsa vuto lovuta kulira m'mawa. Kusintha mawaya akale omwe makoswe adadya, kuika mafyuzi enieni m'malo mwa waya wa kopa kapena pepala la ndudu, kukonza nyali kuti ziziwala mokwanira, kubwezeretsa malamba a pampando: zonsezi sizioneka pa sitolo, koma ndizo zimasiyanitsa galimoto yodzuka ndi galimoto yongopakidwa. Ndipo safunsa adadya phula. Pa zinthu monga pampu ya dizilo, giyabokosi ndi chiwongolero, munthu wophunzira yekha ndi bwino aitane makaniko yemwe adadutsa pa sukulu ya ntchito zamanja, monga za ku Lilongwe, Soche kapena Nasawa, kapena yemwe wakulira m'galaja. Masiku ano achinyamata amathandizanso: mwana wa sekondale amatsitsa kanema wa pa YouTube pafoni, bambo ake n'kumaonera momwe munthu wa ku Pretoria akumasulira kabuleta yofanana ndi yawo.

Nkhondo ya m'nyumba

Sipeya iliyonse ili ndi ulendo wake. Zing'onozing'ono monga mapulagi ndi mafyuzi zimapezeka pa boma pa Ntcheu kapena ku Balaka. Zikuluzikulu zimafuna Limbe, msika wa Ndirande kapena mashopu a ku Lilongwe, ndipo zina zimachita kuitanitsidwa kwa mlamu wa ku Johannesburg kuti azipatsire madalaivala a mabasi. Wanzeru amanyamula chitsulo chakufacho m'chikwama kuti akachifanizire, chifukwa kubwera ndi sipeya yolakwika kuchokera ku Limbe ndi kutaya thiransipoti kawiri. Pamsika palinso masipeya achinyengo okhala m'makatoni okongola. Bering'i yotchipa modabwitsa imatha isanathe nyengo imodzi.

Pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, ndipo zimatsata dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya idakwera limodzi ndi ya feteleza, sopo ndi fizi. Apa ndi pomwe chisangalalo cha bambo chimakumana ndi mphika wa mayi.

Mabanja ambiri amaidziwa nkhaniyi. Fodya kapena soya wagulitsidwa, mayi awerengera kale matumba a feteleza ndi yunifolomu ya ana, kenaka bambo akubwera madzulo atanyamula kilatchi yatsopano m'jumbo. Mayi akafunsa, yankho limakhala lakuti galimotoyo ikadzuka idzabweza zonse. Mwina idzabwezadi. Koma pikapu yakale ili ngati nyumba yomanga pang'onopang'ono: ukatseka apa, pena patseguka. Mayi amene amaitcha galimotoyo mkazi wachiwiri sakhala akungoseka.

Kunena zoona, mayiyo nthawi zambiri amakhala akulondola pa masamu, ngakhale bamboyo akulondola pa zitsulo. Mabanja omwe ntchitoyi imawayendera bwino ndi omwe amakhala pansi isanayambe, n'kugwirizana kuti ndalama ya galimoto izichokera pati: kaya pa mbuzi ziwiri, kaya pa phindu la golosale la mwezi, koma osati pa feteleza kapena fizi. Ena amasunga kope momwe amalemba sipeya iliyonse ndi mtengo wake. Kopelo limawawa kuliwerenga, koma limathandiza munthu kudziwa nthawi yoima. Katapira wogulira injini wagwetsa mabanja.

Komabe pali phindu lina lomwe kope silingalembe. Pansi pa mango paja pamasonkhana ana. Woyamba amatumidwa sipanala ya 13, mawa amadziwa kusiyanitsa ya 13 ndi ya 14, chaka chikamatha akutha kusintha mapulagi yekha. Amakaniko ambiri a m'matauni muno adayamba chomwecho, kugwirira tochi bambo kapena malume awo. Ndipo si anyamata okha. Mtsikana amene manja ake ang'onoang'ono amafika pa bawuti yobisika kuseri kwa injini amathanso kukula ndi luso limenelo, ngati sauzidwa kuti abwerere kukhitchini.

Mudzi nawo umakhala ukudikira. Pikapu ikangodzuka, mwini wake amasanduka wa aliyense. Pakati pa usiku pamabwera kugogoda: mayi wapakati zamuvuta, achipatala cha pa Kandeu ati apite ku chipatala chachikulu pa Ntcheu. Mfumu ikufuna thandizo pa maliro. Mpingo uli ndi msonkhano. Kukana n'kovuta, kulipiritsa wachibale n'kovutanso, ndipo petulo sagulidwa ndi zikomo. Ambiri amathera pa matola kuti apeze ya mafuta, ngakhale malamulo a pamsewu salola kunyamula anthu olipira pa galimoto ya katundu popanda chilolezo. Anthu khumi ndi asanu atakhala pamwamba pa matumba alibe lamba, alibe denga, alibe chogwira. Onsewo akudalira timalabala tija ta m'masilinda a mabuleki, ngati tidasinthidwa kapena ndalama yake idapita ku penti.

Mapepala

Galimoto itha kulira bwino koma n'kukhalabe yosaloledwa pamsewu. Pamafunika bulubuku ya dzina la mwini wake, inshuwalansi, ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti yayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda, zomwe zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Road Traffic. Pa ziphapha zambiri vuto limayambira pa bulubuku. Galimoto idagulidwa pamanja kwa munthu yemwe naye adagula pamanja, dzina lili m'kaundula ndi la munthu amene adamwalira kale. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuilongosola sipanala isanagwire bawuti yoyamba, chifukwa n'zomvetsa chisoni kuthera zaka ziwiri pa galimoto yomwe simungathe kutsimikiza kuti ndi yanu.

Chimodzimodzi posintha injini. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambalayo idalembedwa m'mapepala a galimoto. Mukaikamo ina, kusinthako kumayenera kukalembetsedwa. Injini yotchipa yobwera usiku kudzera njira zachidule za m'malire, yopanda lisiti, mwinanso nambala yake itapalidwa, itha kukhala ya galimoto yobedwa, ndipo apolisi akaipeza amagwira yemwe ali nayo.

Zonse zikalongosoka limafika tsiku lija. Batire yabwerekedwa kwa mwini chigayo kapena yachotsedwa pa sola ya m'nyumba. Bambo akhala pa chiwongolero, mwana waima pa boneti ndi kabotolo ka petulo, mayi aima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno. Kiyi woyamba, injini ingotsokomola. Wachiwiri, chimodzimodzi. Batire yafooka, ndiye anyamata a pa kabaza aitanidwa kuti akankhe. Giya yachiwiri, kilatchi pansi, galimoto iyamba kutsetsereka, phazi lichoka pa kilatchi, ndipo chiphapha chija chigwedezeka, chitulutsa utsi wakuda womwe ubalalitsa nkhuku zonse, kenaka chilira. Ana akuthamangira m'mbuyo mwake akukuwa. Bambo afika pa mtengo wa m'mphepete mwa bwalo la mpira, pomwe palibe munthu kutsogolo, n'kuponda buleki mwamphamvu kuti aone ngati iima mowongoka kapena ikokera mbali imodzi. Atsika, agwada, ayang'ana kuseri kwa tayala lililonse ngati pali podontha. Ngati mpouma, Lolemba ndi ulendo wokayezetsa COF. Penti idikira zokolola za chaka chamawa.